Kodi ndizikapikula ndekha ku Thyolo?

Mayi wina wa ku Ndirande wandilembera kufunsa ngati n'kwanzeru kuti asiye kuoda nthochi ndi tomato mumsika wa Limbe n'kumabwera yekha kuno kwa alimi, popeza mavenda akumudyera masuku pamutu. Amayi, funso lanu landikhudza, chifukwa ine sukulu ndinaphunzira ndi ndalama za nthochi.

Kwathu ku Thekerani malole ankafika mbandakucha, ndipo bambo anga ankakhala atadula kale mikoko dzulo lake n'kuisanja pamasamba m'mbali mwa msewu. Mtengo ankatchula ndi wogula, pakuti mkoko wodula kale sudikira munthu, ndipo mvula ikagwa, msewu n'kuterera, lole osafika, nthochi zinkapsera pomwepo mpaka tizipereke kwa nkhumba. Kenaka kunabwera matenda a chisaka, amene amafala kudzera mu nsabwe za zomera ndi mphukira zodwala. Masamba ankapanana kunsonga, nthochi n'kupinimbira osaberekanso. Alangizi atanena kuti tizule zitsa zonse, bambo anakana kwa nthawi yaitali, ndipo sindiwaimba mlandu, chifukwa munda umenewo ndiwo unkatidyetsa. Lero nthochi zambiri zimene mukuziona m'misika ya mu Blantyre zimachokera ku Mozambique ndi ku Tanzania, ndipo ulendo wautaliwo ndi umene mukulipira.

N'chifukwa chake sindivomereza zoti venda ndi mbava. Alipo ena adyera, koma venda amalipira galimoto, okweza ndi otsitsa katundu, chiphaso cha mumsika, ndipo tomato wa pansi pa dengu akafika ataphwanyika, kuluzako n'kwake. Chimene chimandipweteka n'chakuti mpaka pano mlimi wamba alibe posungira pozizira ngakhale fakitale yodalirika yomugula zipatso zikachuluka. Zinanazi za ku Mulanje ndi mapeyala a kuno zimapsa nthawi imodzi, zimaunjikana m'mbali mwa msewu pamtengo wolira, ndipo pakapita miyezi yochepa mumzinda zimasowa. Izitu zikuchitika m'boma limene muli malo ofufuzira za ulimi a Bvumbwe! Namondwe wa Freddy atagumula milatho mu Marichi 2023, tonse tinaona kuti ndiwo za anthu a mu Blantyre zimadalira misewu yowerengeka, monga wa Midima ndi wodzera ku Thyolo.

Tsono muchite chiyani?

Nthochi pitirizani kuoda ku Limbe, chifukwa kuno simuzipeza zokwanira kubweza ndalama ya ulendo. Tomato, kabichi ndi mpiru mukhoza kukapikula ku Bvumbwe, komwe n'kufupi, koma mugwirizane ndi anzanu kuti musonkherane galimoto imodzi, mulawirire, ndipo musankhe tomato wosapsetsa kuti akafike ku Ndirande ali wolimba.