Maondo ndi omwewo, mdzukulu wanga

Wandifunsa kuti ulemu ndi mantha zimasiyana pati, poti wamantha amagwada, waulemu amagwadanso. Akuti kusukulu kwanu ku Moatize mumatsutsana kuti makhalidwe awiri akamaoneka mofanana nthawi zonse, bwanji osangoti ndi khalidwe limodzi. Funso lako si loipa ayi. Koma ukanandifunsa chifukwa chimene agogo ako aamuna ankapatukira m'njira akaona amayi anga.

Anabwera chikamwini kwathu kuno ku Angonia, cha kufupi ndi phiri la Domwe. Apongozi awo akatulukira potero ndi mtsuko, iwo ankalowa m'tchire, kunjuta, n'kumawomba m'manja chapansipansi mpaka adutse. Kudyera pamodzi kunalibe. Mlendo akanati mwamunayu ngwamantha. Komatu amayi atadwala, ndi yemweyo ankawapalira munda wa mbatatesi mbandakucha, osauza munthu. Atamwalira, dzina lawo sanalitchulepo mpaka naye anatsikira kulichete. Ankaopa ndani pamenepo, mwini wake ali m'manda?

Mantha ndimawadziwa ine. Nthawi ya nkhondo ya kuno ku Mozambique, tisanathawire ku Dedza, anyamata amfuti ankafika pamudzi, sinditchula a mbali iti. Tinkagwada, maondo omwewa, manja omwewa. Akangopotoloka tinkalavula malovu. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992, tinabwerera kudzera pa chipata cha m'malire cha Calomue, ndipo kugwada kwa mtundu umenewo kunathera pomwepo. Kwa apongozi kuja kunatsala.

Ndiye ukawauze anzakowo kuti mchere ndi shuga zonse n'zoyera, koma thira m'phala uone. Khalidwe sulidziwa poliyang'ana, umalidziwa ndi zimene limabala, makamaka pamene wolichitirayo kulibe. Mwina aphunzitsi ako ali ndi mawu ena ake a Chipwitikizi, zimenezo n'zawo.

Usadandaule, sindikuti mkazi ukadzampeza uzidzagona m'tchire. M'tauni tchire lake lili kuti? Chimandiwawa n'chakuti masiku ano mkamwini amakhala pampando, apongozi ali pamphasa, n'kumawalonjera maso ali pafoni. Mwezi wathawu pamsika wa Ulongwe ndinaona wina akupatsira apongozi ake ndalama ndi dzanja limodzi, lamanzere, kwinaku akutafuna chimanga chootcha. Amayiwo analandira ndi manja awiri.