Tifunseni: Bwana wayamba kulembetsa makalata ku AI, kodi ntchito yanga yatha?

FUNSO

Zikomo alangizi,

Ndine mayi wa zaka 46, ndagwira ntchito ya usekilitale zaka 21 pa kampani imodzi. Ndimalemba makalata, maminitsi a misonkhano, kusunga mafayilo ndi kuyankha ma imelo. Chaka chino kwabwera abwana atsopano, iwowa kalata imene ine ndinkatha nayo mphindi 30 amangouza ChatGPT pa foni nkutuluka pompo, ndiye ine amangonditumizira kuti ndiprinte basi. Tulo sindikuliona. Mwana wanga wamkulu akuti ndisiye ntchito ndikaphunzire coding, kulemba mapulogalamu a kompyuta, koma ine masamu ndinasiyana nawo kalekale. Kodi pa msinkhu wanga uno munthu nkuyambanso sukulu? Kapena ndingokhala phee kudikira kalata yondichotsa?

Mayi wodandaula

YANKHO

Mayi, pepani kwambiri, ndipo sindikunamizani kuti mantha anuwa ndi opanda pake ayi. Bungwe la ILO, lija limaona za ntchito pa dziko lonse, linatulutsa lipoti mu 2023 lonena kuti ntchito za mu ofesi ngati yanuyi ndi zimene AI, nzeru zopangidwa za pa kompyuta monga ChatGPT, ikuzikhudza kuposa zonse, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a zimene ogwira ntchitozi amachita makina atha kuzichita, ndipo ambiri okhudzidwa ndi amayi. Koma lipoti lomwelo linatinso ntchito zambiri sizitheratu, zimangosintha maonekedwe. Ndiye tikambe za kusinthako.

Choyamba, ntchito musasiye. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Kuphunzira uli ndi malipiro kumwezi ndi kuphunzira uli ndi nkhawa ya lendi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mwana wanu akukufunirani zabwino, koma coding si chitseko chokhacho, komanso dziwani kuti AI yomweyi imalembanso mapulogalamu a kompyuta, moti amene akungoyamba kumene coding nawonso akulimbana ndi funso lanu lomweli.

Ndikuuzeni za mayi wina amene ine ndimamuganizira nthawi zonse ndikalandira kalata ngati yanu. Dzina lake Dorothy Vaughan, anabadwa 1910 ku America. Kale mawu oti kompyuta sanali dzina la makina, linali dzina la ntchito ya munthu, anthu amene ankakhala pa desiki tsiku lonse kuwerengetsa masamu ndi pensulo ndi kamakina kowonkhetsera. Mayiyu ankayang'anira gulu la amayi achikuda ogwira ntchito imeneyi ku Langley, malo amene anadzakhala mbali ya NASA, bungwe la America loona za maulendo a mumlengalenga. Makompyuta enieni atayamba kulowa, anaona yekha kuti ntchito ya manja ija ikupita, ndiye anaphunzira chinenero cha kompyuta chotchedwa FORTRAN ali ndi zaka cha m'ma 50, nkuphunzitsanso anzake, ndipo anagwirabe ntchito mpaka kupuma mu 1971. Chimene chimandigwira mtima apa nchoti sanataye zimene ankadziwa nkukayamba zachilendo kwina, anatenga masamu ake omwe aja nkuwakweza pa makina atsopanowo, ndipo makinawo ankafunikadi munthu wodziwa kuti yankho lolondola limaoneka bwanji.

Inunso chitani chonchi. Tengani kope, kwa sabata imodzi muzilemba chilichonse chimene mwachita kuntchito, ngakhale chaching'ono bwanji. Pakutha pa sabata mudzadabwa kuti kutaipa makalata ndi kagawo chabe, zina zonse ndi zoti mumadziwa kasitomala uti safuna kulemberedwa koma kuimbiridwa foni, fayilo ya zaka khumi zapitazo ili pati, ndani asaine kaye chikalata chisanapite kwa abwana, nkhani iti ya mumsonkhano yoyenera kulowa mu maminitsi ndi iti yongokambirana. Zimenezi ChatGPT sizidziwa, ndipo abwana atsopanowo nawonso sanazidziwe.

Kenako chida chimene chikukuopsanichi chigwireni ndi manja anu. ChatGPT inatulutsidwa ndi kampani ya OpenAI pa 30 November 2022, ndiye musaganize kuti mwachedwa, abwana anuwonso angoiphunzira posachedwapa. Ilipo yaulere, zilinso zina monga Gemini ya Google ndi Copilot ya Microsoft. Mumangoilembera ngati mukuuza munthu watsopano pa ntchito, kalatayi ikupita kwa ndani, cholinga chake nchiyani, ikhale yaitali bwanji, mawu ake akhale aulemu kapena olimba. Mukaiuza zochepa imakupatsani zozizira, mukailongosolera bwino imakupatsani zogwirika, ndipo munthu amene walemba makalata zaka 21 amadziwa kulongosola kuposa ambiri. Mphindi 20 pa tsiku zikukwana poyambira, bola tsiku lililonse.

Pali zinthu ziwiri zoti muzisamale, ndipo apa mpamene pali mtengo wanu weniweni. AI imanama mosachita manyazi. Siganiza ngati munthu, imalosera mawu oyenera kutsatira kuchokera pa zolemba zambirimbiri zimene inaphunzitsidwa, ndiye ikasowa yankho itha kupeka dzina, tsiku kapena nambala nkuzilemba mwaukhondo ngati zoona. Mu 2023 maloya ena ku New York analipitsidwa chindapusa cha madola 5,000 atapereka ku khoti milandu yakale imene ChatGPT inangopeka, iwo osaifufuza. Ofesi iliyonse yogwiritsa ntchito zida zimenezi ikufunika munthu wa maso akuthwa wowerenga chikalata chisanatuluke pakhomo, munthuyo mukhale inu. Chinacho ndi chinsinsi, musamaike malipiro a anthu, makontrakiti kapena mayina a makasitomala mu AI musanafunse malamulo a kampani. Mwina abwana anu sanaganizepo zimenezi, mukawakumbutsa mwaulemu adzakuonani mwa mtundu wina.

Za sukulu, inde munthu amaphunzira pa msinkhu uliwonse, kungoti wamkulu amagwira msanga chinthu chimene akukachigwiritsa ntchito mawa lake, osati choloweza. Ine ndikanakhala inu ndikanayamba mozama ndi Excel, pulogalamu ya matebulo owerengetsera, kenako kakosi kakafupi ka kayendetsedwe ka ofesi, ka HR (kuyang'anira za antchito) kapena ka kugula katundu wa kampani, kamene kakugwirizana ndi zimene mwalemba mu kope muja. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mukapemphe kuonana ndi abwana, muwaonetse zimene mwaphunzira nkuwafunsa ntchito zimene zimawadyera nthawi kuti muziwathandiza. Sindingalonjeze kuti mpando wanu ukhalapo mpaka kale, koma ngakhale atauchotsa mudzatuluka muli ndi CV ya munthu wa lero. Mwana wanuyo mumupemphe azikhala nanu madzulo ena pa kompyuta, thandizo lake lipite pamenepo.

FUNSO

Alangizi, ndamaliza dipuloma ya akaunti koma ntchito sindinapeze. Pa Facebook ndikuona ma kosi akuti ukalipira umakhala katswiri wa AI m'masabata awiri, setifiketi pompo. Ndikongole ndalama ndilembetse? Anzanga akuti akaunti yatha ntchito.

Mnyamata wofuna ntchito

YANKHO

Achimwene, musakongole. Palibe amene amakhala katswiri wa chilichonse m'masabata awiri, ndipo zimandipweteka kuona anthu akudyera pa mantha a achinyamata amene alibe kale ndalama. Musanalipire kosi iliyonse funsani kuti akuphunzitsayo ndi ndani, setifiketiyo ikuvomerezedwa ndi bungwe liti, ndipo amene anamaliza ali kuti pano. Akayamba kuzungulira mayankho, thawani.

Zoyambira zilipo zaulere. Yunivesite ya Helsinki ku Finland ili ndi kosi ya pa intaneti yotchedwa Elements of AI, inayamba 2018, sifuna kuti udziwe coding kapena masamu ovuta. Yambani ndi imeneyo muone ngati mtima wanu ulidi kumeneko.

Zoti akaunti yatha anazinenanso kale. Pulogalamu yoyamba ya matebulo owerengetsera pa makompyuta aang'ono a padesiki, VisiCalc, itatuluka mu 1979, ntchito yowonkhetsa manambala pamanja m'mabuku inachepadi, koma owerengera ndalama sanathe, anasamukira kofufuza mabuku, kulangiza za misonkho ndi kuthandiza eni bizinesi kupanga ziganizo. Dipuloma yanu ndiye maziko, AI muiike pamwamba pake. Pezani munthu wa bizinesi yaing'ono amene mabuku ake ali balala, mumukonzere mu Excel, AI ikuthandizeni ma fomula ndi kulemba lipoti koma nambala iliyonse muitsimikize nokha, ndipo mupemphe chilolezo chake kuti mukapita ku intaviyu mukaonetse ntchitoyo mutabisa dzina lake. Mukayesa mundilemberenso, ndikufuna ndimve mmene zayendera.