Laputopu ikakana kuona printa ya m'nyumba momwemo

Achemwali, funso lanu ndaliona. Mwati printa ya HP yalumikizidwa ndi chingwe cha USB pa kompyuta ya pa desiki ya Windows 10, laputopu ya mwana wanu ndi ya Windows 11, zonse zili pa Wi-Fi imodzi, koma laputopuyo siona mafoda kapena printayo, makamaka magetsi akazima n'kuyakanso. Musathamangire kugula printa ina. Kawirikawiri vuto lotere limakhala pa adiresi za makompyuta ndi zilolezo za Windows, printayo ili bwinobwino.

Yambani ndi mtundu wa netiweki. Windows ikalumikizidwa pa Wi-Fi yachilendo nthawi zambiri imaitenga ngati Public, ndiye imadzibisa ngati ili pa hotela. Pa makompyuta onse awiri lowani mu Settings, Network & Internet, dinani dzina la Wi-Fi yanu, musankhe Private. Kenako mu Advanced sharing settings muyatse Network discovery ndi File and printer sharing. Mukawerenga malangizo akale onena za HomeGroup, asiyeni, Microsoft inaichotsa mu 2018.

Tsopano tione ngati awiriwa akumvana, chifukwa onse kukhala ndi intaneti sikutanthauza kuti akuonana. Pa kompyuta ya printayo dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani cmd, kenako ipconfig. Lembani papepala nambala ya IPv4 Address, yooneka ngati 192.168.8.101. Chitaninso pa laputopu. Zigawo zitatu zoyamba zifanane. Zikasiyana, imodzi ili pa Wi-Fi ya alendo, pa rauta yachiwiri, kapena mwana anaiwala kuichotsa pa hotspot ya foni. Zikafanana, pa laputopu mu cmd momwemo lembani ping, lamulo loyesa ngati kompyuta inayo ikuyankha, ndi nambala ya kompyuta ija. Ikapanda kuyankha, lowani mu rauta mufufuze AP isolation kapena client isolation muizimitse. Ntchito yake ndi kuletsa zipangizo za pa Wi-Fi imodzi kulankhulana, ndipo ikakhala yoyaka palibe chimene mungasinthe mu Windows chingathandize.

Ping ikayankha, musadikire kuti kompyutayo ionekere pa mndandanda wa Network mu File Explorer, umene uja ndi wosadalirika. Dinani Windows ndi R, mulembe \\ n'kutsatiza nambala ija. Mafoda ndi printa zimene munagawa ziyenera kutuluka. Ikafunsa pasiwedi, apa ndi pamene ambiri amakodwa: PIN imene mumatsegulira kompyuta sigwira ntchito pa netiweki, pamafunika pasiwedi yeniyeni ya akaunti. Ine ndimakonda kupanga akaunti yapadera pa kompyuta ya printayo, yokhala ndi pasiwedi yake, yongogawirana zinthu basi. Laputopu ikamaumirira pasiwedi yakale, ifufuteni mu Credential Manager, momwe Windows imasungiramo mapasiwedi. Ena adzakuuzani kuti mungozimitsa Password protected sharing, koma Windows 11 Pro ya mtundu wa 24H2 imakana kulowa ngati mlendo wopanda pasiwedi, ndiye mungotaya nthawi.

Nkhani ya magetsi ndi imene ndikuikayikira kwambiri. Rauta ndi imene imagawa nambala zija, ndipo ikayakanso imatha kugawa mwatsopano, woyamba kufika ndiye woyamba kulandira. Kompyuta imene dzulo inali 101 lero ikhoza kukhala 104, nambala yake yatengedwa ndi foni ya mlendo, laputopu n'kumagogodabe pa khomo lakale. Mankhwala ake ali mu rauta. Tsegulani tsamba lake pa browser, pa MiFi (timarauta ta m'thumba) za Huawei nthawi zambiri ndi 192.168.8.1, pa TP-Link zambiri ndi 192.168.0.1, ndipo adiresi ndi pasiwedi zimalembedwa pa kapepala komatidwa kunsi kapena mkati mwa chivundikiro. Fufuzani Address Reservation kapena DHCP reservation, mumangirire kompyuta ya printayo ku nambala imodzi. MiFi zina zilibe zimenezi, pamenepo nambalayo muiike pamanja mu Windows, musankhe yakutali ngati 192.168.8.50 imene rauta sigawira ena.

Mukaona uthenga wa 0x0000011b polumikiza printa, unayamba ndi zosintha za chitetezo za mu Seputembala 2021, pamene Microsoft inkatseka ziboo pa kasindikizidwe ka pa netiweki. Pangani update makompyuta onse awiri, muike driver ya HP (pulogalamu yoyendetsa printayo) pa laputopu, kenako muyesenso. Njira imene yafala yosintha registry, nkhokwe ya masetingi a mkati mwa Windows, imagwira ntchito pofooketsa chitetezocho, ine sindikulangizani. Chimodzimodzi kuzimitsa firewall kapena kuyatsa SMB1, njira yakale yogawirana mafayilo imene vairasi ya WannaCry inadzeramo mu 2017.

Kumbukiraninso kuti printa ya pa USB imadalira kompyuta yake. Kompyutayo ikazima kapena kugona, laputopu sisindikiza. Choncho onani ngati printayo ili ndi Wi-Fi yakeyake. Ngati ilipo, ilumikizeni mwachindunji ku rauta, pa 2.4 GHz popeza maprinta ambiri saona 5 GHz, muimangirire nambala yake, ndipo pa kompyuta iliyonse muiwonjezere polemba nambalayo mu Add manually ya mu Printers & scanners. Zikakanikabe, tumizani nambala ziwiri za ipconfig zija, zimene ping yayankha, ndi mtundu wa rauta yanu, koma pasiwedi musaike pagulu pano.