Funsani Azakhali: Amayi akuti radiyeshoni idzandiumitsa, amalume akuti ntchito yake kulibe

Azakhali,

Ndili chaka chachitatu ku Chirunga, ndikuphunzira fizikisi ndi masamu. Chaka chino tidaphunzirako za radiyeshoni, cheza champhamvu chosaoneka ndi maso ngati cha X-ray, ndipo mtima wanga wagwa pomwepo. Ndikufuna kudzagwira ntchito yoteteza anthu ku radiyeshoni, mwinanso kudzafika ku IAEA, bungwe la maiko loona za nyukiliya, ku Vienna. Koma kunyumba zavuta. Amayi akuti ntchito imeneyi idzandiumitsa, sindidzaona mwana. Amalume, omwe amandilipirira fizi, akuti Malawi alibe malo opangira magetsi a nyukiliya, ndiye adzandilemba ntchito ndani? Akuti ndingomaliza ndikafunsire uphunzitsi. Ndithandizeni nzeru.

Wophunzira, Chikanda, Zomba

Mwana wanga,

Ndiyamba ndi amayi ako, chifukwa mantha awo ali ndi pochokera. Wilhelm Röntgen atatulukira X-ray mu 1895, anthu oyamba kugwira makinawo ankaika manja awo pa cheza tsiku ndi tsiku poona ngati makina akugwira bwino. Ambiri adapsa khungu, ena adadulidwa zala, ena khansa idawatenga. Malamulo omwe tikugwiritsa ntchito lero adabadwa ndi masautso a anthu amenewo, ndipo bungwe la ICRP, lomwe limalangiza dziko lonse za miyezo ya radiyeshoni, lidayamba mu 1928.

Tsono ukakhala nawo pansi amayi, uwafotokozere manambala awa. Radiyeshoni yolowa m'thupi timaiyeza m'mamilisiveti. Munthu aliyense, ngakhale amayi akowo ali kumunda, amalandira pafupifupi mamilisiveti 2.4 pachaka kuchokera m'nthaka, m'miyala, mumpweya, m'zakudya ndi kumwamba. Wogwira ntchito ndi radiyeshoni saloledwa kupyola mamilisiveti 20 pachaka, powerengera zaka zisanu pamodzi, ndipo ambiri ogwira m'zipinda za X-ray zosamalidwa bwino safika ngakhale pafupi ndi malire amenewo. Kuti mkazi aume, pamafunika mamilisiveti opitirira 2,000 olowa nthawi imodzi. Zimenezo zimachitika pangozi yaikulu kapena pochiza khansa ya m'chinena, osati pantchito ya tsiku ndi tsiku. Ukadzaima, uyenera kuuza akuntchito msanga, ndipo iwo ayenera kukonza kagwiridwe kako ka ntchito kuti mwana wam'mimba asalandire zoposa milisiveti imodzi mpaka kubadwa. Ine ndidagwira ntchito m'chipinda cha X-ray mpaka kupuma, ndipo lero ndikulera zidzukulu ku Matawale kuno.

Sindikunena kuti choopsa palibe. Radiyeshoni yochepa yomwe imaunjikana kwa zaka zambiri imaonjezera pang'ono mwayi wodwala khansa, ndipo omwe amaima pafupi ndi wodwala makina akuunika amatha kuchita ng'ala msanga akapanda kuteteza maso. N'chifukwa chake ntchito ukuifunayi ilipo. Zida zake zikuluzikulu n'zitatu ndipo wazimva kale m'kalasi: kuchepetsa nthawi, kutalikira, ndi kutchinga ndi mtovu kapena konkire. Ukatalikira kawiri, radiyeshoni imatsika kanayi. Zophweka pakamwa, koma pachipatala china chomwe ndidagwirako ndinkapeza maepuloni amtovu atapindidwa n'kuponyedwa pampando, pomwe amayenera kupachikidwa, chifukwa akapindidwa mtovu umasweka mkati osaoneka. Mayi wogwirizira mwana wake pojambula ankalowetsedwa osavala kanthu. Timabaji toyeza radiyeshoni tomwe tinkavala pachifuwa tinkatha miyezi osatumizidwa kokawerengedwa, ndiye palibe ankadziwa zomwe walandira. Padalibe munthu woipa mtima pamenepo. Padangosowa munthu mmodzi yemwe ntchito yake ndi kuyang'anira zimenezi n'kumveredwa akalankhula. Kalata yako yandisangalatsa chifukwa ndikuona munthu ameneyo.

Amalume ako akunena zoona pa mfundo imodzi. Malawi alibe malo opangira magetsi a nyukiliya, ndipo mu Africa monse omwe akugwira ntchito ndi a Koeberg okha, pafupi ndi Cape Town, pomwe Egypt akumanga ake ku El Dabaa. Koma oteteza anthu ku radiyeshoni ambiri padziko lapansi sadapondeko pamalo otere. Amagwira m'zipatala, m'migodi, m'mafakitale ndi m'maofesi a boma, ndipo zonsezi tili nazo.

Zipatala zazikulu ndi za m'maboma zili ndi X-ray, zina zili ndi makina a CT, omwe kuunika kumodzi kwa pamimba kumapereka radiyeshoni yoposa ya X-ray ya pachifuwa kambirimbiri. Kwa zaka zambiri odwala khansa ofunika kuwotchedwa ndi cheza ankatumizidwa kunja, monga ku India ndi ku Tanzania, ndipo ochuluka sankaupeza mwayiwo. Pamene IAEA idakhazikitsa ndondomeko ya Rays of Hope mu February 2022, Malawi adali m'gulu la maiko asanu ndi awiri oyamba kuthandizidwa, ndipo chipatala cha khansa cha pa Kamuzu Central ku Lilongwe chidatsegulidwa mu 2025. Makina owotchera khansa sayatsidwa popanda katswiri wa fizikisi ya zachipatala, yemwe amayeza mphamvu ya cheza n'kutsimikiza kuti mlingo womwe dokotala walemba ndi womwewo ukulowa m'chotupa. Akalakwitsa iye, wodwala amapsa kapena chotupa chimatsala. Anthu a luso limeneli ndi owerengeka m'dziko muno, ndipo maziko ake ndi digiri yomwe ukuphunzirayo.

Kumigodi nakonso. Mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga udatsegulidwa mu 2009 ndi kampani ya Paladin ya ku Australia, udaima mu 2014 mitengo itagwa pambuyo pa ngozi ya nyukiliya ya ku Fukushima ku Japan ya mu 2011, kenako udagulidwa ndi Lotus Resources ndipo udayambiranso mu 2025. Mgodi wotere umafuna anthu oyeza fumbi lomwe ogwira ntchito akupuma, mpweya wa radoni, ndi madzi otuluka pamalopo, chifukwa mitsinje ya kumeneko imathira m'nyanja ya Malawi. Kufupi ndi kuno kuli Songwe Hill ku Phalombe ndi Kangankunde ku Balaka, komwe kuli miyala ya rare earth, yomwe imagwiritsidwa ntchito popanga zipangizo zamagetsi, ndipo miyala yotere kawirikawiri imabwera ndi thoriyamu, yemwe amatulutsa radiyeshoni ndipo ayenera kuyezedwa, achuluke kapena achepe. Usaiwale kuti likulu la Geological Survey lili mu Zomba momwemuno. Ndege za Kauniuni zomwe zidauluka dziko lonse kufufuza miyala ya m'nthaka, zotsatira zake n'kutuluka mu 2015, zinkayezanso radiyeshoni ya m'nthaka. Ngakhale omanga misewu amayenda ndi kamakina koyezera kulimba kwa dothi lomwe apsinja, ndipo mkati mwake muli caesium-137, yemwe amatulutsa radiyeshoni. Kamakina kameneka kamakwezedwa kumbuyo kwa galimoto, kamagona m'makontena a pamsasa, ndipo wina ayenera kudziwa komwe kali usiku uliwonse.

Woyang'anira zonsezi ndi Atomic Energy Regulatory Authority ku Lilongwe, yomwe idakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011. Iwo ndiwo amapereka ziphaso, kuyendera zipatala ndi migodi, ndi kusunga kaundula wa zida zonse zotulutsa radiyeshoni m'dziko. Kaundula ameneyu angaoneke ngati ntchito ya ukalaliki, koma tamva izi. Mu 1987 mumzinda wa Goiânia ku Brazil, chipatala china chidasamuka n'kusiya makina owotchera khansa m'nyumba yakale. Anthu awiri otola zitsulo zakutha adawatenga, adawaphwanya, n'kugulitsa. Mkati mudali ufa wa caesium-137 wowala mwa buluu usiku, ndipo wogula adaugawira abale ndi anzake ngati chinthu chodabwitsa. Anthu anayi adamwalira, mmodzi mwa iwo kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi. Anthu pafupifupi 112,000 adapimidwa, 249 adapezeka nawo ufawo, nyumba zingapo zidagwetsedwa. Brazil idali ndi malo opangira magetsi a nyukiliya, koma ngoziyi sidachokere kumeneko. Ukaona anyamata akukankha wilibala ya zitsulo zakutha kupita kwa ogula ku Mpondabwino kapena ku Chinamwali, uzikumbukira kuti chomwe chikuwateteza ndi kaundula wolembedwa bwino.

Za Vienna tsopano. IAEA idakhazikitsidwa mu 1957, Malawi adalowa mu 2006, ndipo mkulu wake kuyambira 2019 ndi Rafael Grossi wa ku Argentina. Chomwe chidakakamiza maiko kuti agwirizane zenizeni pa chitetezo ndi ngozi ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya a Chernobyl ku Soviet Union ya pa 26 April 1986. Boma la Soviet Union lidakhala chete, ndipo dziko lidadziwa patatha masiku awiri pamene zida za pamalo ena a nyukiliya ku Sweden zidayamba kulira. Pofika September chaka chomwecho maiko adali atagwirizana mapangano awiri, loti dziko lizichenjeza anzake msanga ngozi ikachitika ndi loti azithandizana. Pangano la chitetezo cha malo a nyukiliya lidatsatira mu 1994. Kuno ku Africa tili ndi mgwirizano wa AFRA, womwe udayamba mu 1990 pofuna kuphunzitsana ndi kugawana luso, komanso pangano la Pelindaba loletsa zida za nkhondo za nyukiliya, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2009.

Chomwe ndikufuna umvetse n'chakuti ku Vienna satenga munthu chifukwa cha digiri yokha. Amafuna yemwe adayenderapo chipatala, adatsekapo chipinda chotayikira cheza, adalembapo lipoti lomwe bwana sadalikonde koma manambala ake adali oona. Maphunziro ambiri a IAEA, monga kosi ya miyezi isanu ya chitetezo cha radiyeshoni yomwe olankhula Chingerezi amakachitira ku Ghana, munthu amapitako boma lake litamusankha, ndipo boma limasankha yemwe ali kale pantchito yofuna lusolo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Khomo lako loyamba ndi chipatala, mgodi, ofesi ya ku Lilongwe ija kapena dipatimenti yako yomweyo ya fizikisi.

Pali makomo awiri omwe ungagogode wekha ukamaliza. Poti ndiwe mtsikana, IAEA ili ndi thandizo la Marie Skłodowska-Curie, lomwe lidayamba mu 2020, lolipirira akazi digiri yachiwiri m'maphunziro a nyukiliya, ndipo limapatsanso mwayi wokaphunzira ntchito. Ku Trieste ku Italy, bungwe la akatswiri a fizikisi la ICTP limaphunzitsa digiri yachiwiri ya fizikisi ya zachipatala ya zaka ziwiri, makamaka kwa ochokera m'maiko ngati athu. Konseku amayang'ana magiredi, ndiye masamu usawanyozere chaka chino ndi chamawa.

Mawu a amalume onena za uphunzitsi usawataye. Mipata ya ntchito imeneyi m'dziko muno ndi yochepa ndipo siituluka mwezi uliwonse. Ukhoza kumaliza n'kudikira. Kuphunzitsa fizikisi pa sekondale uku ukufunsira maphunziro n'kwabwino kuposa kukhala pakhomo, ndipo kumakuphunzitsa chinthu chomwe udzachifune kwambiri, kufotokozera munthu wamantha zinthu zosaoneka ndi maso mpaka amvetse. Theka la ntchito yoteteza anthu ku radiyeshoni ndi limenelo: kufotokozera namwino, woyendetsa thirakitala kumgodi, mfumu ya mudzi woyandikana ndi mgodiwo.

Usadikire kumaliza. Pita kwa aphunzitsi ako sabata ino uwapemphe kuti kafukufuku wako wa chaka chomaliza akhale wa radiyeshoni, kaya ya m'miyala ya kukwale, ya m'madzi a m'zitsime, kapena yotulukira kunja kwa chipinda cha X-ray. Tenga pa intaneti ya IAEA buku la malamulo oyambira a chitetezo, la GSR Part 3 la mu 2014, n'laulere, ndipo uwerenge gawo la ogwira ntchito ndi la odwala. Patchuthi chikubwerachi pempha kalata kudipatimenti, upite nayo ku Zomba Central kapena ku Geological Survey ukapemphe kuphunzira ntchito ngakhale kwa mwezi umodzi. Kalata yomweyo uwaonetse amalume ako usadapite nayo.

Azakhali