Yankho kwa achemwali pa mawu oti "dimly lit"

Achemwali, mwati mwana wanu amene akukonzekera mayeso a MSCE walemba "a dimly-light room" m'chimangirizo chake, ndiye mukufuna kudziwa ngati walemba bwino. Ganizo lake ndi labwino, koma pakufunika kukonza malo awiri. Alembe "a dimly lit room".

Liwu loti "light" lisinthe likhale "lit", chifukwa tikunena za chipinda chimene chaunikiridwa kale. "Lighted" si lolakwanso, ku America ena amalemba choncho, koma ine ndingamuuze angogwira "lit". Ndi lalifupi ndipo wochonga sangalikayikire.

Pamene ambiri timagwa ndi pa kamzere kaja kolumikiza mawu. Muonjezi wothera ndi -ly, monga "dimly", "poorly" kapena "brightly", safuna kamzere, pakuti mchira wa -ly uja waonetsa kale kuti liwulo likufotokoza linzake lotsatira. Chimene chimasokoneza ana ndi "well". Liwu limeneli lilibe mchirawo, ndiye likakhala patsogolo pa dzina kamzere kamalowa: "a well-lit room". Likabwera pambuyo kamachoka: "the room was well lit". Mwana akaona kamzere pa "well-lit" amangoganiza kuti ndi paliponse.

Koma langizo langa lenileni lili pa tanthauzo. "Dimly lit" amatanthauza kuti kuwala kulipo ndithu, koma n'kochepa. Taganizani magetsi athima, mwayatsa koloboyi n'kumuika pa tebulo, nkhope ya agogo ikuoneka mwachizimezime, koma mbale zili pakona apo simukuziona. Chimenecho ndiye chipinda cha "dimly lit". Koloboyi uja akathima, mafuta atha, mdima wa ndiweyani, mawuwo sagwiranso ntchito. Pamenepo alembe "dark" kapena "pitch dark". Ndinawerengapo chimangirizo cha mwana wa mlongo wanga, iye atalemba kuti chipinda chinali "dimly lit", mzere wotsatira n'kunena kuti samatha kuona ngakhale dzanja lake. Ndinamufunsa kuti, nanga nyali ija yapita kuti? Anangoseka.

Akakhala kuti akufotokoza za panja dzuwa litangolowa, nthawi ya chisisira, mawu oyenera ndi "dusk" kapena "twilight". "Dimly lit" amakhala bwino pa chipinda, msewu, khonde kapena bala, malo amene munthu wayatsapo nyali.

Mumuchenjezenso kuti asanene munthu kuti ndi "dim". Ku Britain ndiye kuti mwamunena kuti ndi wogona m'mutu.

Madzulo ano muzimitse babu, muyatse kandulo imodzi, alembe ziganizo zitatu za zimene akuona m'nyumbamo. Mukafuna mutumize kuno tidzaone.