Zotsala za sitata zimakometsa pizza, koma pazokha sizingautupitse mtanda

Achemwali, funso lanu ndaliona. Mwati mumasunga sitata ya sourdough, kutanthauza fulawa ndi madzi zosasitsa zotupitsira buledi, ndipo zija mumapungula musanaidyetse fulawa ndi madzi atsopano zimakuwawani kutaya, mmene fulawa wadulira masiku ano. Mwayesa kuphikira pizza, koma mtanda ukumang'ambika mukamautambasula, ndipo ikapsa ikumakhala yowawasa komanso yolimba mpaka nsagwada kutopa. Mwanenanso kuti uvuni mumaika pa madigiri 180 kwa theka la ola. Musagwe ulesi, zotsalazo n'zabwino ndithu, kungoti mukuzisenzetsa ntchito imene sizingathe.

Mu sitata mumakhala tizamoyo ta mitundu iwiri. Muli yisiti wachilengedwe, amene amatulutsa mpweya wotupitsa mtanda, ndiye mulinso mabakiteriya amene amatulutsa asidi, gwero la kuwawasa kuja. Zimene mumapungulazo zimakhala zitatha maola ambiri osadya, choncho yisiti wake wafooka ndi njala pomwe asidi wachuluka. Asidi akachuluka, gluten amafooka, ndipo gluten ndi ulimbo wa m'tirigu umene umathandiza mtanda kutamuka osaduka. Mukaona zotsala zanu zasanduka zamadzimadzi, zikuyenderera pa supuni osakoka, dziwani kuti ulimbowo watha kale. Mtanda wochuluka zotsala zoterezi ung'ambika basi, kaya muukande mpaka mapewa kuwawa.

Kuno ku Salima zimenezi zimachitika msanga kwambiri. Maphikidwe ambiri a pa intaneti analembedwa ndi anthu amene khitchini yawo imakhala pa madigiri 20 kapena 22. Ife mu Okutobala ndi Novembala timapitirira 30, usiku womwe kumakhala kotentha. Sitata imene kwawoko imatenga maola 8 kuti ifike pachimake, kuno itha kufika ndi kugwa dzuwa lisanapendeke. Nchifukwa chake mawu akuti "siyani usiku wonse patebulo" musawatsatire m'chilimwe, mudzadzuka mtanda utasungunuka.

Ine ndimachita chonchi. Kapu imodzi ya zotsala, pafupifupi magalamu 240, ndimasakaniza ndi makapu awiri ndi theka a fulawa watsopano, pafupifupi magalamu 310. Madzi ozizira a mumtsuko ndi mamililita 160, mchere tiyisipuni imodzi ndi theka, mafuta ophikira supuni yaikulu imodzi, ndiye theka la tiyisipuni ya yisiti wa m'paketi. Ena anena kuti kuthira yisiti wogula n'kuononga sourdough. Ine sindivomereza. Kakomedwe kabwera ndi zotsala zija, yisitiyo wangobwera kudzanyamula mtanda. Ngati simukumufuna, tengani sitata imene mwaidyetsa maola 3 kapena 4 apitawo ndipo yatupa kawiri, koma pamenepo sitikukambanso za zotsala.

Muyezo umenewu uli ndi chifukwa chake. Ngati mumadyetsa sitata yanu ndi fulawa ndi madzi zolemera mofanana, magalamu 240 aja ndi fulawa 120 ndi madzi 120. Mukaphatikiza zonse, fulawa akukwana 430, madzi 280, kutanthauza madzi 65 pa fulawa 100 aliyense. Mtanda wotere umakhala wofewa, umamata pang'ono m'manja, ndipo uyenera kutero. Ambiri akaona kumata amayamba kuwaza fulawa, kuwazanso, mpaka mtanda kuuma, kenako n'kumadabwa kuti pizza yalimba. Nyowetsani manja kapena pakani timafuta, thumba la fulawa lisiyeni. Pogula sankhani fulawa wa buledi, amene amakhala ndi gluten wambiri kuposa wa keke. Wosakaniza kale ndi zotupitsa, uja amalemba kuti self-raising, musiyireni masikono.

Mukasakaniza, vundikirani mbale kwa mphindi 20 kuti fulawa amwe madzi. Mukabwerako muona mtanda wasintha wokha, wayamba kusalala. Kandani mphindi 6 mpaka 8, vundikiraninso, musiye utupe. Apa musadalire wotchi. M'chilimwe maola awiri amakwana, koma mu Juni ndi Julayi, mwera ukamaomba kuchokera kunyanja, utha kufuna maola anayi. Chizindikiro n'chakuti watupa pafupifupi kawiri, ndipo mukabaya ndi chala chopaka fulawa, kadzenjeko kakubwerera pang'onopang'ono osatsekeka konse. Kakangokhala phee osabwerera, mwachedwa, phikani msanga. Amene muli ndi firiji, kuika mtanda mmenemo usiku umodzi kumawonjezera kukoma. Amene mulibe, khazikani mbale m'beseni la madzi ozizira, pamwamba nsalu yonyowa, kutupako kuchedwerako.

Dulani mitanda itatu, iliyonse muiumbe yobulungira, ipume mphindi 30. Potambasula musagwiritse botolo. Botolo limafinya mpweya wonse umene mwaudikira maola aja. Ikani mtanda pa thebulo lowaza fulawa, dinikizani ndi nsonga za zala kuyambira pakati kupita kunja, m'mphepete musiye osakhudza, kenako munyamule pa nkhonya ziwiri uzitamuka ndi kulemera kwake. Ukamabwerera m'mbuyo ngati ukukana, usiyeni mphindi 10, ufewa.

Tsopano za moto, ndipo apa mpamene pizza yanu yakhala ikulimbira. Ku Naples, m'dziko la Italy, kumene chakudyachi chinatchukira, amaphika mu uvuni ya nkhuni yotentha madigiri oposa 400, ndipo pizza imapsa mu mphindi imodzi ndi theka. Moto waukulu umatupitsa mtanda mwadzidzidzi n'kuumitsa kunja kokha, mkati madzi akadalimo. Madigiri 180 kwa theka la ola amachita zosiyana, amaumitsa mtanda wonse pang'onopang'ono mpaka mkati. Ngati muphikira mu uvuni, ikwezeni mpaka pothera, nthawi zambiri ndi 250. Ikanimo thireyi yachitsulo yozondotsa itenthe mphindi 30, kenako mutsetserekere pizza pamwamba pake. Mphindi 7 mpaka 10 yapsa.

Koma kunena zoona, ine ndimakonda ya pa mbaula kuposa ya mu uvuni yamagetsi, ndipo magetsi akazima simudandaula. Pezani chiwaya chochindikala, osati chopyapyala chija chimapindika ndi moto, ndi chivundikiro chachitsulo chokwana bwino. Makala ayake mpaka atuwe pamwamba, utsi utatha. Tenthetsani chiwaya chopanda kanthu mpaka dontho la madzi lizithamanga pamwamba pake n'kutha. Pakani timafuta pang'ono, yalani mtanda wopanda chilichonse pamwamba. Pakangotha mphindi imodzi muona matuza akutukuka apa ndi apo, fungo lowawasira likusanduka la buledi wootcha. Suzumirani pansi ndi mpeni, mukaona mawanga ofiirira, tembenuzani. Chotsani chiwaya pamoto, ikani zapamwamba ku mbali yopsayo, pungulani makala a m'mbaula atsale ochepa, ndipo amene mwapungulawo muwaike pa chivundikiro monga timachitira pophika chigumu. Moto wambiri ukhale pamwamba, wochepa pansi, kwa mphindi 4 kapena 5. Mukasiya makala ambiri pansi, ipserera tchizi isanasungunuke. Chiwaya muzichitembenuzako pang'ono, chifukwa mbaula sitentha mofanana mbali zonse, makamaka ngati mukuphikira pakhonde pali mphepo.

Pa kuwawasa kuja, onaninso msinkhu wa zotsala zanu. Za mufiriji zosapitirira sabata zimakoma bwino. Za patebulo, ndi kutentha kwa kuno, zisagone kawiri. Timadzi totuwa tonunkha ngati mowa timene timayandama pamwamba si toopsa, khuthulani musanagwiritse ntchito, kuwawasa kuchepako. Koma mukaona chuku, kapena mtundu wapinki kapena wa lalanje, tayani zonse ndipo botolo losungiramo mulitsuke ndi madzi otentha. Pamenepo musaumire fulawa, thanzi la ana ndi lofunika. Komanso ngati zotsala zikukuchulukirani, ndiye kuti sitata yanu ndi yaikulu kuposa mmene mumaphikira. Masupuni awiri okha amakwana kusunga, mumaikulitsa tsiku loti muphike buledi.

Zapamwamba musachulutse, mtanda wa pachiwaya sufuna katundu wolemera. Tomato wa pamsika wa ku Kamuzu Road amakhala ndi madzi ambiri, choncho muphikeni kaye ndi adyo ndi kamchere mpaka alimbe, supuni ikadutsa pansi pa poto njira izitsala. Masupuni atatu akwana pizza imodzi. Anyezi ndi tsabola wobiriwira dulani mopyapyala kwambiri kapena mukazingeko, chifukwa mphindi zisanu sizipsetsa ndiwo zaziwisi. Nyama kapena nkhuku ikhale yophika kale. Tchizi ya mozzarella ndi yodula ndipo nthawi zina mpaka munthu achite kuitanitsa ku Lilongwe, koma isakulepheretseni. Ku Naples komweko kuli pizza yotchedwa marinara imene ilibe tchizi n'komwe, ndi tomato, adyo, timasamba tonunkhira ta oregano ndi mafuta basi. Anthu a kumeneko amaikanso tinsomba tating'ono tamchere pa pizza zina, ndiye ife a kunyanja tisachite manyazi ndi usipa. Ukazingeni uume bwino, chotsani mitu, muwaze pamwamba chiwaya chitatsala pang'ono kuchoka pamoto kuti usanyowe ndi tomato. Chambo chotsala dzulo nachonso chimakhala bwino, bola muchotse minga yonse mosamala musanachinyenye. Mukaika usipa, mchere wa mu tomato muchepetse, ndipo kambuzi aliyense adziikire yekha m'mbale mwake chifukwa cha ana.