Yambani ndi zamagetsi, achimwene

Achimwene, mwafunsa za ntchito yokonza makina oponyamo ndalama kapena tokeni, monga ogulitsa zakumwa ndi a magemu. Ntchitoyi mungadye nayo, koma musadalire makina ogulitsa zakumwa okha ayi, mu Blantyre muno ndi ochepa. Ndalama ili pa matebulo a pool ndi makina a magemu m'mabala a ku Ndirande, Bangwe ndi Limbe. Phunzirani kaye zamagetsi, kaya ku Soche Technical College kaya kwa mmisiri wokonza ma TV, ndipo mugule multimeter (kachipangizo koyezera magetsi) yabwino.

Vuto lomwe ndimaitanidwira kawirikawiri ndi polowetsa tokeni: fumbi, mowa wotayikira, ndiye pali anyamata oponyamo mawashala kuti asewere ulere. Kutsegula n'kupukuta bwino, nthawi zambiri zatheka. Lina ndi kupsa kwa power supply (kabokosi kopereka magetsi m'kati mwa makina) magetsi akabwerera mwamphamvu. Eni ake muziwauza agule surge protector yoteteza makina ku magetsi amphamvuwo, ngakhale ambiri amangoti "mawa".

Koma sikirini yakale yachimbuyo ija imasunga magetsi oopsa ngakhale mutazula pulagi, isiyireni wodziwa. Za gasi wa firiji ya makina a zakumwa itanani wa mafiriji. Makina a juga amayang'aniridwa ndi MAGLA, bungwe la boma loona za juga ndi malotale; musawatsegule popanda chilolezo cha kampani yokhala ndi layisensi.